Afisi kuseri kwa mpanda, njoka pa mulu wa njerwa, ndiponso mwana akufuna kukwera Mulanje

Mayi wina wa ku Lilongwe walemba motere: "Bambo, ndine mayi wa ana atatu. Chaka chatha tinalowa m'nyumba yathu yatsopano kumapeto kwa mzinda, kufupi ndi dambo lothira mumtsinje wa Lingadzi. Kuyambira mwezi wa Juni tikumamva afisi akulira usiku, ndipo mlonda wa aneba akuti anaona awiri akudutsa kuseri kwa mpanda wathu. Nkhuku zinayi zasowa, ina tinaipeza m'khola momwemo yopanda mutu. Sabata yatha mtsikana wanga anaona njoka yaifupi, yonenepa, itagona pa mulu wa njerwa zotsala pomanga. Bambo a kunyumba akuti tigule tameki tiike m'nyama. Kuwonjezera apo, mwana wathu woyamba, wa zaka 16, akufuna kupita ndi achinyamata a ku mpingo kukakwera phiri la Mulanje mu Ogasiti. Ine tulo sindikuona. Tichite chiyani? Nanga mwanayu timulole?"

Mayi, mtima pansi. Mwachita bwino kufunsa musanagule mankhwalawo, ndipo ndikupemphani kuti yankho ili muwerengere limodzi ndi bambo a kunyumba. Ndagwira ntchito ya nyama zakutchire zaka zambiri, m'nkhalango ndi m'midzi yozungulira, ndipo makalata ngati yanuyi akuchuluka chifukwa nyumba zatsopano zikumangidwa m'madambo ndi m'mphepete mwa mitsinje, momwe kale munali njira za nyama. Zonse mwatchulazi zili ndi pogwira, ndipo zambiri sizilira ndalama.

Mlonda uja sakunama. Mu Lilongwe muli afisi, ndipo analimo likulu la dziko lisanasamukire kumeneko mu 1975. Bungwe la Carnivore Research Malawi lakhala likuwalondola kwa zaka, ena powaveka malamba a pakhosi osonyeza kumene ali. Masana amagona m'mauna, m'mathengo a m'mbali mwa Lingadzi ndi mtsinje wa Lilongwe, ngakhale m'mipaipi ikuluikulu ya pansi pa misewu. Usiku amatuluka n'kuyenda mtunda wautali kufuna chakudya. Anthu zikwizikwi a mumzindamo amagona afisi akudutsa kunja kwa mipanda yawo, iwo osadziwa n'komwe. Kulira kuja, "huuu-wi", kumamveka makilomita angapo usiku kukakhala zii, choncho fisi amene mukumumva ngati ali pawindo nthawi zambiri amakhala ali kutsidya kwa dambo, akuitana anzake.

Komabe sindikuuzani kuti fisi ndi galu wamkulu chabe. Ndi chilombo champhamvu, cholemera ngati munthu wamkulu, cha nsagwada zophwanya fupa la ng'ombe, ndipo mbiri ya dziko lathu ili ndi zipsera zake. Ku chigwa cha Phalombe, kuyambira 1956 mpaka 1961, afisi ankapha anthu chaka ndi chaka, ndipo mu 1961 mokha anafa anthu 8. Zambiri zinkachitika mu Seputembala, kutatentha, anthu akugona panja, tchire litapsa ndi moto, nyama zothawa zitasowa. Mu 2003 ku Dowa chilombo china chinapha anthu atatu n'kuvulaza ambiri, midzi inathawidwa, ndipo akatswiri ankaganiza kuti anali fisi wodwala chiwewe. Mukaziyang'anitsitsa nkhani zimenezi, ovulala amakhala munthu wogona pabwalo, mwana wamng'ono woyenda yekha mumdima, kapena woledzera amene wagwa m'njira. Ndiye malamulo a pakhomo panu atuluke pamenepo: aliyense agone m'nyumba ngakhale kutentha kwa Okutobala kufike potani, ana asatumidwe kuokala kutada, ndipo wamng'ono akafuna kuchimbudzi usiku aperekezedwe ndi wamkulu ali ndi tochi.

Mukakumana naye maso ndi maso, musathamange. Fisi amatha kuthamanga liwiro la makilomita 60 pa ola, ndipo chinthu chothawa chimadzutsa mtima wake wosaka. Imani chilili, nyamulani mwana ngati muli naye, muwalitseni tochi kumaso, lankhulani mokweza, ombani m'manja kapena menyani chitini, kenako bwererani pang'onopang'ono osamufulatira. Ambiri amachoka musanamalize n'komwe. Chinthu chimodzi chimene ndimauza anthu mobwerezabwereza n'chakuti musamutsekere njira. Fisi akalowa mumpanda, tsekulani geti, lowetsani agalu ndi ana, mumusiye atuluke yekha. Anthu amene ndawaona atalumidwa ndi nyama masana, ambiri anali m'gulu lothamangitsa nyama yopanikizika pakona.

Tsono funso lenileni ndi ili: n'chifukwa chiyani akudutsa kuseri kwa mpanda wanu, osati kwina? Nyama siyendera mudzi mwachisawawa. Ikubwera chifukwa cha chakudya, madzi, pobisala, kapena chifukwa nyumba yanu yakhala panjira yake yakale. Ndinaitanidwa tsiku lina ku mudzi wina kumene anthu anali atatopa ndi afisi, ena akunena kuti ndi otumidwa. Sindinatsutsane nawo, pakuti zikhulupiriro za fisi wokwerapo tonse tinakula nazo. Ndinangopempha kuti m'mawa tilondole mapazi. Anatifikitsa kuseri kwa msika, kumene ogulitsa kanyenya ankataya zikopa, matumbo ndi mitu ya mbuzi m'ngalande. Atayamba kukwirira zinthuzo m'dzenje lakuya, kulira kwa usiku kunayamba kumveka patali, ndipo patapita milungu ingapo anthu anasiya kudandaula. Yenderani dzala lanu ndi la aneba. Onani kumene kumatayidwa nthenga ndi zam'kati za nkhuku, mitu ya nsomba, matewera a ana, galu wakufa. Zonunkha zikwiriridwe mozama kapena ziwotchedwe, chakudya cha agalu chisagone panja, ndipo mukambirane ndi aneba onse, chifukwa dzala limodzi losasamalika limaitanira afisi mzere wonse wa nyumba.

Za nkhuku zija, ndikukayika kwambiri ngati ndi fisi. Fisi akafuna nkhuku amaphwasula khola, matabwa ali mbwee, ndipo sasiya kanthu kupatula nthenga zochepa. Nkhuku yopezeka m'khola losaphwanyika, mutu palibe, thupi lilipo, ndi ntchito ya kanyama kakang'ono kolowera pa kabowo kapena kokokera mutu pa waya. Angakhale likongwe, vumbwe, kapena kanyama kaja kamawangamawanga, ka mchira wautali wa mizeremizere, kamene kamayenda pa denga usiku. Kameneko pamene mutu wake walowa, thupi lonse limalowanso. Zitatu zosowa popanda chizindikiro zija muganizirenso agalu oyendayenda ndi anthu a miyendo iwiri. Kuti mudziwe zoona, madzulo sesani mozungulira khola, mumwaze mchenga wosalala kapena phulusa, m'mawa mukawerenge. Phazi la fisi ndi lalikulu kuposa la galu aliyense wa m'mudzi, zala zake n'zopindika ngati nyemba ndi zothinana, zikhadabo zimaoneka, ndipo lakutsogolo limaposa lakumbuyo moonekeratu. Phazi la mtundu wa mphaka, kaya vumbwe, njuzi kapena kambuku, ndi lozungulira ndipo silisonyeza zikhadabo. Ndowe nazo zimalankhula. Za fisi zikauma zimayera ngati choko chifukwa cha mafupa amene amadya. Mukapeza mulu wa ndowe pamalo amodzimodzi, muli njere za zipatso ndi timphete ta bongololo, ameneyo ndi fungwe, amene ali ndi chizolowezi chobwerera kuchimbudzi chimodzi.

Mankhwala a khola ndi waya wa mabowo ang'onoang'ono, oti chala chachikulu chisalowe, wokutira mbali zonse mpaka kudenga, ndipo m'munsi ukwiriridwe pansi kuti chokumba chisadutse. Khola lam'mwamba la makolo athu, lochotsa makwerero usiku, linali nzeru yabwino ndipo likugwirabe ntchito. Nkhuku zitsekeredwe dzuwa lisanalowe.

Kwa inu bambo a kunyumba, ndikupemphani ndi mtima wonse: tameki ayi. Ndaona zimene amachita. Nyama yothira tameki sisankha woidya. Amayamba kufa ndi agalu anu ndi a aneba, amphaka, akhwangwala, kenako chilichonse chodya mitembo yawo. Fisi amene mumamufunayo akhoza kudya pang'ono n'kukafera kudambo kumene ana amasewera ndiponso amayi amatunga madzi. Timibulu ta tameki n'tating'ono, takuda, ndipo tochepa chabe tikwanira kupha mwana wokwawa amene watola kanthu pansi. Lamulo la dziko lino loteteza nyama zakutchire sililola kupha nyama ndi poizoni, ndipo chilikonzereni mu 2017 zilango zake zinakula kwambiri. Ngakhale mutapha awiriwo, dzala likadalipo, malo awo adzalowa ena. Ngati fisi wayamba kulimba mtima, kuoneka masana, kulowa m'mipanda kapena kulondola anthu, kauzeni a Dipatimenti yoona za malo osungirako nyama ndi nyama zakutchire, kapena a Lilongwe Wildlife Trust, amene ali ndi madokotala a nyama ndi zida zogwirira. Apolisi a m'dera lanu ndi amfumu akhoza kukulumikizani nawo.

Kunena zoona, pa zonse mwalembazi chimene chandidetsa nkhawa kwambiri ndi njoka ija. Yaifupi, yonenepa, yogona phee osathawa: imeneyo ikumveka ngati mphiri. Njoka zambiri zikamva kugunda kwa mapazi zimachoka, koma mphiri imadalira khungu lake lofanana ndi masamba ouma, ndipo imangokhala pomwepo mpaka munthu aiponde kapena aiike dzanja. Ikaluma imaluma mwachangu chosaoneka ndi maso, ululu wake umatupitsa ndi kuwoletsa mnofu. Mulu wa njerwa ndi nyumba yabwino kwa iyo: masana njerwa zimafunda, m'mipata muli mthunzi, ndipo makoswe ndi achule amakhala momwemo. Njerwazo zichotsedwe kapena zisanjidwe bwino kutali ndi kumene ana amasewera. Wogwira ntchitoyo avale majombo, ayambe wagwedeza ndi khasu kapena mtengo wautali, ndipo asalowetse dzanja pamene maso sakuona. Mukaipeza, ana ndi agalu apite kutali, wina aziiyang'anira ali patali mamita angapo, muitane odziwa kugwira njoka. Anthu ambiri amalumidwa pofuna kuipha kapena kuinyamula ataiyesa yakufa, ndipo mutu wa njoka ngakhale wodulidwa umatha kuluma.

Anthu adzakuuzani kuti muthire dizilo, oyilo wakutha kapena mankhwala a m'chimbudzi mozungulira nyumba, ena adzati muwotche matayala. Ndalowa m'nyumba zambiri zonunkha dizilo n'kutulutsamo njoka. Chimene chimathandiza ndi kuchotsa chakudya chake ndi pobisala pake: udzu ufupike, nkhuni ndi malata akale zisaunjikidwe pafupi ndi khoma, matumba a chimanga akhale pa thandala, makoswe athe, ndipo mpata wa pansi pa chitseko utsekedwe. Mvula yoyamba ikagwa, njoka zimayendayenda kwambiri. Nthawi imeneyo pamafunika kusamala ndi mamba yolavula, imene imalowa m'nyumba usiku kulondola achule ndi makoswe, ndipo imaluma anthu ali m'tulo. Neti ya udzudzu yopisiridwa bwino pansi pa matiresi imateteza ku zimenezinso, makamaka kwa ana ogona pansi. Mambayo ikalavulira munthu m'maso, musambitseni m'masomo ndi madzi ambiri oyera kwa mphindi 15 kapena kuposa, asatikite, kenako apite kuchipatala.

Wina akalumidwa, zochita n'zochepa koma zofunika kuzidziwa pamtima. Muchotseni pafupi ndi njokayo, akhale kapena agone, mumulimbitse mtima. Vulani mphete, zibangili, wotchi ndi nsapato kutupa kusanayambe. Mwendo kapena mkono wolumidwawo usagwedezeke, muumangirire ku kamtengo momasuka monga timachitira ndi fupa lothyoka, ndipo munthuyo anyamulidwe, asayende yekha ngati pali njira ina. Pitani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale akunena kuti sakumva kanthu, pakuti ululu wa njoka zina, monga nalikukuti, umachedwa kuonekera ndipo umadzayamba ndi kukha magazi patapita maola. Musatemere, musayamwe, musaikepo mwala wakuda, ndipo koposa zonse musamange ndi legeni. Ndimakumbukira mnyamata wina woweta mbuzi amene mphiri inamuluma pa chala. Achibale, pomukonda, anamumanga mkono ndi mphira ya njinga mwamphamvu, n'kuyamba apita naye kwa sing'anga. Pofika kuchipatala mawa lake, dzanja linali litada, ndipo madokotala sanathe kulipulumutsa. Mpaka lero ndikaona legeni ndimamuganizira. Musataye nthawi kusaka njokayo. Ngati wina angaijambule ndi foni ali patali, zili bwino, koma madokotala amathandiza poona zizindikiro za wodwala. Mankhwala othana ndi ululu sapezeka pa chipatala chaching'ono chilichonse, choncho akakutumizani ku chachikulu, monga Kamuzu Central kwa inu a ku Lilongwe, musazengereze.

Pali chilombo china chimene simunachitchule, chikhalirecho ndi chimene chimapha anthu ambiri m'dziko muno kuposa afisi: chiwewe. Pafupifupi nthawi zonse chimafika kwa munthu kudzera mwa galu. Agalu anu ndi amphaka abayitsidwe katemera chaka chilichonse kwa alangizi a ziweto. Nyama yakutchire imene yataya mantha, nkhandwe yolowa pakhomo masana, likongwe wosathawa anthu, mleme wogwa pansi, isakhudzidwe ndi manja, ndipo ana muwauze zimenezi momveka, pakuti iwo ndi amene amathamangira kukanyamula. Wina akalumidwa kapena kukandidwa ndi galu, pusi, mleme kapena nyama ina iliyonse yoyamwitsa, tsukani balalo ndi sopo ndi madzi oyenda kwa mphindi 15, mupite kuchipatala tsiku lomwelo kukafunsa katemera. Zizindikiro za chiwewe zikangoyamba, munthu sachira.

Alendo ena a pakhomo ndingowatchula mwachidule. Apusi musawapatse chakudya ngakhale kamodzi, chifukwa pusi wozolowera dzanja la munthu amayamba kulanda, ndipo mapeto ake amaluma mwana n'kuphedwa. Kadzidzi wolira padenga ndikudziwa mmene amasautsira mtima, koma chimene wadzera ndi makoswe, ndipo banja limodzi la akadzidzi limadya makoswe ambirimbiri pa nyengo yolera ana. Kamwana ka gwape kopezeka kali kokha m'udzu sikamasiye ayi, mayi ake amakabisa dala n'kumabwera kudzakayamwitsa, choncho kasiyeni pomwepo. Ndipo mukadzaona ngaka, kapena wina akubweretserani kuti mugule, dziwani kuti ndi nyama yotetezedwa kwambiri, ndipo milandu ya nyama zotere chilango chake chimatha kufika zaka 30 m'ndende. Imbirani a zanyama basi.

Tsopano za mnyamata wanu. Ine ndikuti mumulole, koma mufunse mafunso angapo kwa otsogolera ulendowo. M'phiri la Mulanje mulibe mikango, njovu kapena njati. Akambuku alimo ochepa, ndipo ndi amanyazi kotero kuti pa maulendo anga onse m'phirimo ndapeza ndowe zawo zodzaza ubweya wa mbira kambirimbiri, mapazi awo m'matope kangapo, koma mwini wake sindinamuonemo. Gulu la achinyamata oimba nyimbo za kwaya m'njira, kambuku amalimva lili kutali n'kupatuka. Chimene chimapha anthu pa Mulanje ndi nyengo ndi kusochera. Nsonga ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, ndipo chiperoni chikabwera, nkhungu imatseka phiri m'mphindi zochepa, munthu osaona ngakhale mnzake amene ali patsogolo pake, miyala n'kuyamba kuterera. Mu 2009 mnyamata wina wa ku Brazil anafera kumeneko ndi kuzizira atasiya womulondolera n'kupitirira yekha. Mu Ogasiti usiku pamwambapo kumazizira mpaka madzi kuundana pa udzu. Komanso namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anagumula mbali zina za phirili, ndipo njira zina sizili monga anazisiyira amene anakwera kale.

Ndiye funsani izi: kodi atenga owalondolera ovomerezeka, monga amene amapezeka ku ofesi ya zankhalango ku Likhubula, ndipo angati pa gulu lonselo? Akagona m'nyumba iti ya m'phirimo, Chambe, Lichenya, Thuchila kapena Chisepo, ndipo malo asungitsa? Pali wamkulu woyenda kumbuyo kwenikweni kuti wotopa asatsale yekha? Safunsa anadya phula, ndipo m'phiri muja wolondolera akati lero sitikwera Sapitwa, mawu ake ndi omaliza, ngakhale abusa atafuna bwanji. Mwanayo atenge juzi yokhuthala, chovala cha mvula, bulangete kapena thumba logonamo, chipewa, tochi, nsapato zotseka zogwira pansi zimene wazizolowera kale, ndi buluku lalitali. Pa Dziwe la Nkhalamba achinyamata amakonda kudumphira m'madzi. Madzi ake ndi ozizira kwambiri ndipo pena ndi pakuya, choncho wosadziwa kusambira akhale pamwala.

Zoluma za m'njira n'zazing'ono. Mphiri imakonda kuothera dzuwa m'mbali mwa njira m'mawa, choncho aziyang'ana poponda, akafika pa chipika ayambe wakwera pamwamba pake n'kuona kuseri asanatsike, ndipo pokwera miyala asapise dzanja m'ming'alu. Njuchi zikawaukira, athamange molunjika kutali ataphimba nkhope, asagone pansi kapena kudumphira m'madzi, pakuti zimadikira. Amene amatupa thupi lonse kapena kubanika akalumidwa ndi njuchi anene ulendo usanayambe. Madzulo azidzifufuza nkhupakupa m'miyendo ndi m'chiuno, ndipo akadzamva malungo ndi mutu patapita sabata, pali kabala kakuda pakhungu, mukawauze adokotala kuti anali kutchire. M'munsi mwa phiri muli chitedze, ndipo mzere wa linthumbu ndi wodumpha, osati woimapo. Anyani akakumana nawo, asawaponyere chakudya kapena miyala, chakudya chikhale m'chikwama, ndipo nyani wamkulu akayandikira asamuyang'anitsitse m'maso, angopatuka. Pa nyumba zogonamo, wakuba wamkulu ndi khwangwala wa khosi loyera, amene amatha kutsekula thumba losiyidwa pakhonde.

Izi zonse ndanena za Mulanje, Zomba, Dedza ndi mapiri ena otere. Ku Liwonde, Majete, Nkhotakota, Kasungu kapena Nyika nkhani ndi ina: kumeneko kuli njovu ndi zilombo zina zazikulu, ndipo munthu sayenda pansi popanda msilikali wa zanyama. M'mbali mwa Shire ndi m'nyanja, mvuu ndi ng'ona ndi zoopsa kuposa zonse tatchulazi.

Koma Mayi, sindikufuna kuti mnyamatayo akwere phiri maso ali pansi pokha ndi mantha. Muli zinthu zokongola m'mwambamo zimene anzake ambiri adzazidutsa osaziona chifukwa cha phokoso. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo pa ntchito yanga mawu amenewa ndawaona akukwaniritsidwa tsiku ndi tsiku. Mumuuze kuti m'mamawa, anzake akadali m'mabulangete, apemphe wolondolera kuti akhale naye pa mwala pafupi ndi nyumba yogonamo, mphepo ikuwomba kumaso kwawo, osalankhula kwa theka la ola. Dzuwa likamafika pa matanthwe, mbira zimatuluka kudzaothera. Akakhala ndi mwayi adzaona chinkhoma chitaima pa nsonga za ziboda zake pamwamba pa thanthwe, ndipo akachiona chimodzi ayang'ane pafupi, chifukwa zimayenda ziwiriziwiri, chachimuna ndi chachikazi, china chikudya china chikulondera. Mbira zikalira mwadzidzidzi n'kuthawira m'ming'alu, akweze maso, mwina chiwombankhanga chakuda chikudutsa m'mphepete mwa phompho. M'nkhalango za m'zigwa amve kugwedezeka kwa nthambi, kumene kumakhala nchima. Aonenso mkungudza, mtengo wa fuko lathu, umene mwachilengedwe umamera pa Mulanje pokha ndipo watsala pang'ono kutha ndi macheka ndi moto. M'phirimo mulinso mtundu wa nadzikambe wosapezeka kwina kulikonse pa dziko lapansi, ndipo akatswiri a sayansi pofuna dzina la gulu lake anatenga liwu lathu lomweli n'kulitcha Nadzikambia.

Luso lomweli liyambire pakhomo panu. Apumbwa akasonkhana pa chitsamba chimodzi n'kumalalata osaleka, pansi pake kapena m'nthambi muli njoka kapena mphaka, ndipo ana akaphunzira kumva zimenezi amakhala ndi mlonda wina waulere. Nkhuku zikaima zonse makosi m'mwamba kuyang'ana mbali imodzi, pitani mukaone muli patali. Mtsikana wanu amene anaona mphiri ija asanaiponde ali ndi maso abwino, ndipo mumuyamikire pouza akuluakulu m'malo moitola ndi kamtengo. Ntchito yosesa ndi kumwaza phulusa kuzungulira khola muipereke kwa iye ndi mchimwene wake kwa masiku atatu kapena anayi otsatizana. Mukapeza phazi, ikani bokosi la machesi pambali pake kuti kukula kuoneke, mujambule kuchokera pamwamba dzuwa likadali m'munsi, mithunzi isanathe, ndipo munditumizire zithunzizo pamodzi ndi za ndowe zilizonse zimene mwapeza kuseri kwa mpanda.